Tsiku Limene Sindinapite Kukamanga Duku

Ndinakhala pampando wa bungwe la amayi a pa mpingo wathu zaka zisanu ndi zinayi. Unali mpingo waung'ono kumwera kwa Sinda, wopempherera m'nyumba yomwe pakati pa sabata inali sukulu. Inali nthawi ya Chitaganya. Amuna ambiri anali ku migodi ndi ku mapulazi a fodya ku Halale, choncho ntchito za pa mpingo zinkagwera ife amayi: kuzira pansi, kuyendera odwala, kugona pa maliro, kulangiza atsikana olowa m'banja. Sukulu sindinapite nayo patali. Ndinkawerenga pang'onopang'ono, chala chili pa mzere, koma ndikaimirira kuti ndilankhule amayi ankakhala chete, ndipo ndinazolowera kumvedwa.

Bungwe lathu linali ndi duku limodzi loyera, la nsalu yolimba, limene amayi oyamba analisoka m'mbali ndi ulusi wakuda. Wapampando yekha ndiye ankalivala, Lachinayi pa msonkhano, pa maliro ndi pa mgonero. Wina akasankhidwa, ankagwada pamaso pa mpingo wonse mutu uli pamtunda, ndipo wotsika pampando ankavula dukulo n'kumumanga ndi manja ake. Sizinalembedwe paliponse, koma aliyense ankadziwa chimene zikunena. Wochokayo ankauza anthu kuti wapereka ndi mtima umodzi, ndipo watsopanoyo amumvere monga ankamvera iye. Ine anandimanga mayi wina amene manja ake ankanjenjemera ndi ukalamba. Mfundo yake inamasuka tisanatuluke panja, koma anandimanga.

Tinkasankha zaka zitatu zilizonse. Popeza ambiri sankadziwa kulemba, otchulidwa mayina ankakhala pa benchi kutsogolo atafulatira anthu, ndipo kumbuyo kwa aliyense ankaikako mbale yachitsulo. Mayi aliyense ankapatsidwa njere imodzi ya chimanga yoti akaponye m'mbale ya amene akumufuna. Wofulatirayo saona, koma amamva. Njere zoyamba zimalira pa chitsulo. Pansi pa mbale pakakwiririka, zimaleka kulira, zimangogwera pa zinzake. Katatu konse mbale yanga inaleka kulira msanga. Pa chisankho chachinayi inalira mpaka mayi womaliza atadutsa, ndipo imene inakhala chete inali ya mnzanga wa kumanzere.

Anali amake mapasa. Tinkawatchula choncho chifukwa ana awo oyamba anali amapasa. Anali aang'ono kwa ine kwambiri, moti ndine amene ndinawalangiza pokalowa m'banja. Anaphunzira kuposa tonsefe, ankawerenga osaika chala. Amuna awo anali mmisiri wa matabwa wochokera cha ku Vubwi, amene ankakhala chikamwini m'mudzi mwathu. Nyumba yawo inali kuseri kwa khola lathu.

Titatuluka anabwera n'kugwada patsogolo panga. "Amayi, ine sindinapemphe zimenezi."

"Wasankha ndi Mulungu, mwana wanga," ndinatero. Pakamwa panatero, koma ndinayenda njira yonse ndikuwerenga m'mutu amene ndinawagonera pa maliro a ana awo, amene ndinawakonzera mabanja, n'kumadzifunsa kuti njere zawo zinagwa kuti. Lero ndikudziwa kuti sanalakwe. Ndinali nditayamba kudzudzula anthu pagulu, ndipo chaka chimenecho ndinkajomba kawirikawiri chifukwa amuna anga ankadwala.

Kumanga duku kunkadikira abusa, amene ankabwera pa njinga kamodzi pa miyezi ingapo kudzapereka mgonero. Tisanamve n'komwe za tsiku lawo, patangopita masabata awiri chisankhireni, amuna anga anamwalira. Chifuwa chimene anabwera nacho ku mapulazi chinawatenga nthawi yokumba nsawa.

Kwathu namfedwa ankameta kawiri. Koyamba maliro atangoikidwa, kachiwiri patapita miyezi, pamene abale a malemu ankabwera kudzamumasula. Pakati pa kumeta kuwiriko sankapita m'misonkhano, ndipo sankathira mchere m'ndiwo, kuopa kuti wodya ndiwozo angadwale. Aphunzitsi ankati zimenezi n'zakale, Mkhristu asamaziope. Tinkavomera m'sukulu muja, koma panalibe namfedwa amene ankayesa. Ine ndinali ndi amayi anga okalamba m'nyumba, osaona, ndipo sakanadya ndiwo zimene ndathira ine. Ana anga anali kutali, wamkazi ku banja ku Katete, wamwamuna ku migodi. Pakhomo panalibe woti n'kumutuma.

Amake mapasa sanadikire kuti ndiwapemphe. Maliro atabalalika, anayamba kubwera masana ndi madzulo. Ankalowa m'khitchini, n'kutapa mchere m'chigoba, kuthira, kuvundula, kulawa pa chikhatho, n'kunena kuti, "Zakoma, amayi." Kenaka ankapita kukaphikira a kunyumba kwawo. Anachita choncho miyezi itatu osadumphitsa tsiku, ngakhale pamene mmodzi wa mapasa aja anadwala chikuku.

Kenaka mbiri inafika yakuti abusa abwera Lamulungu lachiwiri la mwezi wotsatira. Sabata yomweyo kunabweranso alamu anga, mlongo wa amuna anga, amene ndiwo ankayendetsa za kumeta. Anali mayi wa pakamwa potseguka, wokonda kuseka ngakhale pa maliro.

"Alamu, tsitsi lakula ilo, mwayamba kufanana ndi chisa cha mpheta," anatero atakhala pa mphasa. "Abale agwirizana. Tikumeteni Loweruka loyamba la mwezi wa mawa. Mawere muli nawo, nyikani chimera lero lomwe, thobwa lipsa nthawi yake."

Ndinawerenga masiku m'mutu. Akandimeta Loweruka limenelo, pofika Lamulungu la abusa ndidzakhala womasuka, ndipo sipadzakhala chondiletsa kuimirira pamaso pa mpingo n'kuvula duku. Ndinaona m'maganizo amayi onse aja amene njere zawo sizinagwe m'mbale yanga akundiyang'ana ndikulivula, mutu wanga uli wometa.

Sindinganene kuti ndinaganiza nthawi yaitali. Ndinalowa m'nyumba n'kutenga kalata imene mwana wanga wa ku migodi analemba atamva za maliro. Munali mawu a chisoni, ndiponso akuti tchuthi amukaniza, chaka chino sabwera. Alamu anga sankadziwa kuwerenga. Ndinaika chala pa mzere monga mwa chizolowezi changa, n'kuwerenga mawu amene munalibe.

"Akuti, musamete amayi ndisanafike. Ndifika kumapeto kwa mwezi wa mawa."

"Wayamba liti kusamala za mwambo ameneyo?" anafunsa alamu. "Chabwino, ndi bambo ake amene anamwalira. Timudikira."

Atachoka, amayi anga anandiitana kuchokera pamene ankagona. "Kalata ija si ija unandiwerengera kale?"

"Ndi ina," ndinatero.

Anatembenukira ku khoma.

Patatsala masiku atatu kuti abusa afike, kunabwera mkulu wa mpingo, bambo wofatsa amene ankalankhula akuyang'ana chipewa chake. Anati amva kuti kumeta kwasunthidwa, koma mwina ndingabwere pang'ono chabe, kudzamanga duku n'kubwerera.

"Abambo, mukufuna anthu azinena kuti ndinathamangira ku msonkhano amuna anga asanazizire m'manda?"

"Iyayi, amayi. Ndiye mwina mungatipatse dukulo, wina akamange m'malo mwanu. Abusa akapita sabweranso mpaka mvula itatha."

"Duku silitumizidwa ngati mpeni wobwereka," ndinatero. "Amamanga ndi manja a mwini wake."

Anatembenuza chipewa chake kangapo, n'kupepesa chifukwa chondivutitsa pa chisoni changa. Anandipepesa ine.

Lamulungu lija kunacha bwino. Chitsulo cha pa sukulu chinalira koyamba, kenaka kachiwiri. Ndinakhala pakhonde ndi lichero la nsawa n'kumaswa. Anthu ankadutsa pa njira atavala zochapa, ena n'kumandipatsa moni wa chifundo, ine n'kumayankha ndi mawu otsika monga ayenera namfedwa. Mphepo inkachokera cha ku sukulu, choncho nyimbo zinkamveka. Ndinkadziwa dongosolo lonse. Ndinadziwa pamene ulaliki unatha, pamene mgonero unatha, ndi pamene anaitana amake mapasa kutsogolo. Pamenepo pankayenera kumveka nthungululu. Ndinaleka kuswa n'kutchera khutu. Kunali zii kwa nthawi, kenaka wina anayambitsa nyimbo, ena n'kulandira mochedwa. Duku linali m'bokosi langa lachitsulo, pansi pa jekete la amuna anga.

Ndinkaganiza kuti tsiku limenelo ndiwo tidya zopanda mchere. Dzuwa litafika pamutu, ndinaona amake mapasa akutulukira kuseri kwa khola, atavala zovala za ku mapemphero ndi duku lawo la masiku onse, lamaluwa ofiira lofwifwa.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera. Zayenda bwanji kumeneko?"

"Zayenda. Abusa andipempherera." Analowa m'khitchini. Ndinamva chivundikiro cha mphika, kenaka mthiko. "Mfutso uwu wachepa madzi, ndawonjezako pang'ono. Zakoma, amayi."

Anatuluka akupukuta manja pa chitenje. Anaima pang'ono ngati ali ndi mawu ena, koma anangoti, "Ndibweranso madzulo," n'kupita.

Zimene zinachitika m'sukulu muja anandiuza m'mawa mwake ndi mnzanga wakale, amene ankayambitsa nyimbo m'bungwe lathu. Anati amake mapasa anagwada n'kuvula duku lawo monga mwa mwambo, popeza panalibe amene anawauza kuti loyera kulibe. Mkulu wa mpingo anachita manyazi kuwauza. Anagwada choncho mutu uli pamtunda, abusa akuyang'ana mkulu uja, mkuluyo akuyang'ana pansi, mpaka iwo eni anatola duku lawo n'kudzimanga okha.

"Anadzimanga okha, mnzanga," anabwereza woyambitsa nyimbo uja. "Munaonapo zimenezo? Anthu akuti, kuthamangira chiyani? Bwanji osadikira kuti mwini wake amete? Ndipo ena akuti," apa anatsitsa mawu, "njere zinagwa, masabata awiri amuna anu n'kutsamira mkono. Tsopano mwini duku akukana kumanga. Akuti mwina pali chimene mukudziwa."

Pamenepo m'pamene ndikanayenera kunena. Ndinkadziwa bwino chimene mawu otere amabala m'mudzi. Amuna anga anadwala chifuwa zaka zinayi, ndipo aliyense anawamva akutsokomola. Koma ndinangoti, "Ine sindinanene kanthu," n'kupitiriza kupeta nsawa. Anatenga mawu amenewo n'kupita nawo, ndipo pofika pa chitsime anali atasanduka umboni.

Lachinayi lotsatira ku msonkhano kunapita amayi ochepa, oti n'kukwana pa benchi limodzi. M'mudzi wa tsidya kunagwa maliro a mwana, ndipo ndiwo zimene amake mapasa anaphika kumeneko zinabwerera osakhudzidwa. Mapasa aja anzawo anayamba kuwathawa pa masewera. Wina anabwera kudzandichenjeza kuti ndisamalole munthu wotere kugwira mphika wanga. Zonsezi ndinkazimva ndili pakhonde, ndipo masana ndi madzulo mwini wake ankabwera kudzathira mchere. Anaonda m'masabata amenewo. Sanandifunse kanthu, inenso sindinanene kanthu. Mumtima ndinkati ndikameta ndidzakonza, ngati kuti mbiri ya munthu ndi dengu loti ukhoza kuliika pambali n'kudzaluka mawa.

Mwezi unatha. Alamu anafika ndi abale ena, thobwa litapsa. Tinadikira tsiku lathunthu, wina atatumidwa ku msewu waukulu kukaona malole ochokera ku Lusaka. Panalibe amene anatsika. M'mawa mwake alamu anati sangadikirenso, anthu asiya ntchito kwawo.

Anandikhazika pa mphasa kuseri kwa nyumba, amayi okhaokha atazungulira, n'kuyamba kunyowetsa tsitsi. Amake mapasa ndiwo ankagwira mbale ya madzi.

"Mwana wanu uja ndi bambo ake enieni," anatero alamu akupala ndi lumo. "Mlongo wanga ankati ndibwera pa Khirisimasi, n'kubwera chimanga chitacha. Kodi anatchula tsiku lanji makamaka? Tabweretsani kalata ija. Inu amake mapasa, si ndinu odziwa kuwerenga? Mutiwerengere, mwina alamu angawa chala chinadumpha mzere."

Amayi anaseka. Mwana wanga wamkazi, amene anabwera kuchokera ku Katete, anadzuka n'kukaitenga, chifukwa ankadziwa pamene ndinkasunga makalata. Sindikanatha kudzuka, lumo linali pamutu. Ndinangoona pepala likudutsa patsogolo panga.

Amake mapasa anaika mbale pansi, n'kupukuta manja, n'kufunyulula kalatayo. Anawerenga chamumtima kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anatembenuza kuseri, kunalibe kanthu. Anabwereranso pamwamba. Ine ndinkayang'ana mapazi awo, ming'alu ya ku zidendene, ndipo madzi a m'mutu ankanditsikira m'khosi.

"Nanga?" anatero alamu.

"Sanatchule tsiku," anatero amake mapasa. "Akudandaula za tchuthi. Zikuoneka kuti amukaniza."

"Ndinanena ine. Magazi amenewa ndimawadziwa."

Anapinda kalatayo m'mapindidwe ake akale n'kuiika m'manja mwanga, osati mwa mwana wanga. Sanandiyang'ane. Anatolanso mbale ya madzi n'kuigwira mpaka kumeta kutatha.

Madzulo a tsiku limenelo ndinathira ndekha mchere koyamba. Dzanja linali litaiwala muyeso, ndinachulutsa. Amayi anga anadya pang'ono n'kukankha mbale. "Uja ankathira bwino," anatero.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinapita Lachinayi loyamba. Sindinapite. Ndinati mutu ukuwawa. Lachiwiri lake ndinavala, n'kufika pa khola, n'kubwerera. Linali Lachinayi lachitatu pamene ndinatulutsa duku m'bokosi, n'kulichapa, n'kulisita ndi simbi ya makala, n'kutuma mawu kwa woyambitsa nyimbo uja kuti auze amayi onse kuti ndikubwera. Atamva kuti ndikubwera ine, anadzaza sukulu. Zimenezonso ndinaziona, ndipo kachigawo kena ka mtima wanga kanakondwa.

Amake mapasa anali kutsogolo ndi duku lawo lamaluwa. Atatsegula ndi pemphero, ndinapempha kulankhula. Ndinaimirira.

"Amayi anzanga, ndabwera kudzaulula. Tsiku la abusa ndikanatha kubwera. Alamu anga anafuna kundimeta lisanafike, ine ndinawanamiza kuti mwana wanga walemba kuti adikire. Sanalembe zimenezo. Ndinachita dala chifukwa chinandiwawa kuti simunandisankhe. Duku ndinalikaniza ndine. Mwana uyu sanandilakwire chilichonse. Amuna anga anafa ndi chifuwa chawo chimene nonse mukuchidziwa. Amene anadyetsa ine ndi amayi anga miyezi yonseyi ndi yemweyu."

Kenaka ndinawapempha kuti agwade. Anagwada, n'kuvula lamaluwa lija, ndipo ndinawamanga loyera. Ndinamanga mfundo ziwiri. Nthungululu zinamveka, ena analira. Ndinaganiza kuti zatha.

Tikutuluka, woyambitsa nyimbo uja anandigwira dzanja n'kundikokera pambali. Maso ake anali onyowa.

"Mnzanga, mtima ngati wanu kulibe. Kudzinamizira bodza pamaso pa anthu kuti mumuphimbe mwana ameneyu."

"Sindinadzinamizire. Ndi zoona."

"Ee, ee, tamva. Ife si ana. Inu munganame kalata? Zaka zonsezi tikudziwani?"

Ndinamuuza kuti abwere kunyumba, aphunzitsi amuwerengere kalatayo. Anangondisisita pamkono. Pofika Lamulungu nkhani inali itamveka midzi yonse yozungulira, yakuti mayi wachikulire uja ndi Mkhristu weniweni, wakhululukira amene anamulanda mpando mpaka kusenza mlandu wake. Anthu amene sankandipatsa moni kale anayamba kuima pa njira n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Ndinabwereza zoona zake kwa aliyense amene anandiyamikira, pa chitsime, pa mtondo, kwa mkulu wa mpingo. Mkuluyo anakhulupirira, ndi ena owerengeka. Ambiri ndikamalimbikira m'pamene ankandiyamikira kwambiri. Bodza langa analikhulupirira tsiku lomwelo. Zoona zanga sanazikhulupirire mpaka ambiri a iwo analowa nako m'manda kusakhulupirirako.

Ndinapita kwa amake mapasa ndekha. Ndinawapeza akusinja. Ndinawauza kuti ndayesa, anthu sakumva.

"Ndikudziwa, amayi," anatero osaleka kusinja.

"Bwanji simunanene tsiku lija, kalata ili m'manja mwanu?"

Anaimika munsi. "Munali pa mphasa ya maliro, mutu utametedwa theka. Ndikanati chiyani?" Anapukuta thukuta ndi mkono. "Koma ndikufunseni chimodzi. Pamene ndinkabwera kudzathira mchere, anthu akunena zija, inu munkadya bwinobwino?"

"Ndinkadya," ndinatero.

Anagwedeza mutu n'kuyambanso kusinja. Ndinaima pamenepo kanthawi, kenaka ndinapita.

Anakhala pampando chaka chimodzi ndi miyezi. Ankagwira ntchito bwino kuposa ine. Anayambitsa zophunzitsa amayi kuwerenga msonkhano ukatha, ndipo ine sindinajombe Lachinayi ngakhale limodzi, ndinkakhala kutsogolo kuti anthu aone. Koma pa maliro mbale zawo zinkabwererabe zodzaza, ndipo mwana akadwala m'mudzi maso ankatembenukira kuseri kwa khola lathu. Amuna awo anatopa nazo. Anapempha kwa eni mbumba kuti atenge banja lawo kupita nalo kwawo ku Vubwi, kufupi ndi malire, ndipo analoledwa.

Asanachoke tinasankha wina. Mbale imene inaleka kulira msanga inali ya woyambitsa nyimbo uja, yemwe uja anatenga mawu anga kupita nawo ku chitsime. Abusa anali asanabwere, ndipo tsiku la ulendo linakwana. Mkulu wa mpingo anapempha amake mapasa kuti asiye duku, wina adzamange. Ndinamva kuti anayankha kuti alitenga, adzabwera nalo okha. Anthu anaseka. Anati duku lapita ku malire, tisoke lina.

Abusa anabwera patapita miyezi iwiri, mvula itayamba. Chitsulo chachiwiri chitalira, tili m'kati, ndinamva anthu akutembenuka. Amake mapasa anali pakhomo, matope mpaka m'mawondo, khanda kumsana, duku loyera kumutu. Anayenda masiku awiri, pena pansi, pena pa lole ya katundu. Nthawi itakwana anapita kutsogolo, n'kuvula dukulo, n'kumanga mayi amene anawaipitsira mbiri. Anakonza m'mbali kuti ulusi wakuda uonekere bwino, n'kumugwira dzanja kumuimiritsa. Ine ndinali pa benchi lachiwiri. Kuchokera pakhomo panga kufika pa sukulupo unali mtunda woti mphika uli pamoto ukhoza kupita n'kubwera usanapserere.

Titatuluka ndinawapempha kuti akadye kwathu. Anavomera. Ndinaphika nkhwani wotendera, iwo atakhala pakhomo pa khitchini akuyamwitsa. Anafunsa za amayi anga, amene anali atamwalira chaka chomwecho, ndi za mwana wanga wa ku migodi. Anandiuza kuti ku Vubwi nthaka ndi yabwino, mapasa ayamba sukulu, ndipo kumeneko palibe amene amadziwa za nkhani ija. Za duku sitinakambe. Anadya, n'kuthokoza, ndipo m'mawa mwake ndinawaperekeza mpaka pa dambo, pamene anandiuza kuti ndibwerere, madzi ndi ambiri. Sindinawaonenso.

Patapita zaka, pamene dziko linali pafupi kudzilamulira, amayi ena anabwera kudzandipempha kuti nditchulidwenso pa chisankho. Anati palibe wina wa mtima ngati wanga, n'kukumbutsa za tsiku lija ndinasenza mlandu wa mwana uja. Ndinawauzanso mmene zinalili, kuyambira pa kalata. Anamvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza, ndipo mmodzi anati, "Mwaona? Mpaka lero akumuphimbabe." Ndinakana kukhala pa benchi lija. Tsiku la chisankho ndinalandira njere yanga ngati wina aliyense, n'kuima pa mzere.